Mapiritsi 24 ndi mzere umene atate anausiya

Anandigwira Loweruka masana pa msika wa Kapata, ndili mkati mokanganirana mtengo wa kapenta. Dzuwa linali likuswa mtengo, aliyense akupukuta thukuta, koma ine ndinangomva ngati wina wanditsira madzi a mumtsuko kumsana. Mayi wogulitsayo anasiya kuwerenga chenji n'kundiyang'anitsitsa. "Atate, kayezetseni. Maso anuwo si abwino." Ndinayankha zimene mwamuna aliyense wa muno mu Chipata amayankha: ndi kutopa chabe. Ndinagula Panado pa kantemba, ndinakwera njinga, ulendo wa kunyumba.

Lamulungu sindinaoneke kutchalitchi. Ndinali pansi pa mabulangeti awiri, jekete pamwamba, mano akugundana, mfundo zonse zikuphwanya ngati ndinachezera kuumba njerwa. Lolemba m'mawa mkazi wanga sanafunsenso maganizo anga. Ku kiliniki anandibaya chala, kadontho ka magazi pa kapulasitiki koyera kaja, ndipo nesi asanamalize kulemba dzina langa m'kaundula mizere iwiri inali itaoneka kale. Malungo. Kumene ndinawatenga ndikukudziwa: milungu iwiri m'mbuyomo ndinali ku Mtenguleni ku Nc'wala, mwambo wathu wa Angoni wa chaka ndi chaka, ndipo tinagona m'galimoto ya mnzanga mawindo ali pululu, popanda neti.

Ndinachira, ndabwerera kuntchito. Koma muli usiku umodzi m'sabata imeneyo umene ukukana kundichoka.

## Anayi m'mawa, anayi madzulo

Munthu wamkulu amapatsidwa mapiritsi 24 a Coartem. Anayi oyamba umamwa pompo, anayi ena pakadutsa maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo mpaka masiku atatu akwane. Nesi anandiuza kuti ndizimwera pa mkaka kapena chakudya cha mafuta, chifukwa theka la mankhwalawa, lumefantrine, sililowa bwino m'magazi ngati m'mimba muli mbee. Ine ndinkangomva fungo la mafuta, mtima n'kukwera.

Mkazi wanga sakanatha kujomba sabata yathunthu, choncho anaimbira foni kumudzi. Lachiwiri dzuwa lisanakwere amayi anali atafika kuchokera cha ku Feni, ndi chikwama cha chimanga chachiwisi, chiwawa, nshawa za chaka chatha ndi nkhuku yomangidwa miyendo. Sanandipatse moni wautali. Anaika chikhatho pamphumi panga, anakoka chikope changa n'kusuzumira m'diso, kenako anapita kukayatsa mbaula. Phala la nsinjiro limene anabwera nalo ndi lokhalo limene linakhazikika m'mimba. Za lumefantrine sanamvepo, koma mafuta a nshawa anagwira ntchito yomwe nesi ankafuna.

Tsopano ndiulule nthenda yanga ina, yakalekale, yopanda mankhwala. Ndimatola nkhani zakale zopanda ntchito. Ena amatola mabotolo, ine ndimatola zaka ndi mayina a anthu akufa. Mkazi wanga anaziletsa pa nthawi ya chakudya. Anzanga a kuntchito akandimva ndikuti "kodi mukudziwa kuti", amakumbukira mwadzidzidzi kuti akufunika ku banki. Ndiye taganizani: munthu wotere ali chigonere, sangathe kuwerenga chifukwa zilembo zikuvina, mutu ukutentha, ndipo pamphasa pafupi ndi khomo pakhala mayi wachikulire amene sapita kulikonse.

## Mayi wa ku China

Ndinayamba ndi mapiritsi omwewo. Ndinawauza amayi kuti theka linalo, artemether, linachokera ku nkhondo. Asilikali a ku Vietnam ankagwa ndi malungo m'nkhalango, ndipo boma la China linakhazikitsa ntchito yachinsinsi pa 23 Meyi 1967, n'chifukwa chake ankangoitchula kuti 523. Mu 1969 anaikamo mayi wina dzina lake Tu Youyou. Iye anafufuza m'mabuku akale a asing'anga a kwawo mpaka anapeza mawu a munthu wina, Ge Hong, amene analemba zaka zoposa 1,600 zapitazo: tenga chitsamba cha qinghao chodzaza dzanja, chiviike m'madzi, finya, imwa. Chiviike, osati chiwiritse. Apo ndi pamene panali chinsinsi. Anzake ankawiritsa, moto n'kupha mphamvu ya mankhwala. Atayesa njira yosatentha, muyeso wa nambala 191 unagwira, mu 1971. Chaka chotsatira anayamba wamwa yekha asanapatse odwala. Mphoto ya Nobel anailandira mu 2015, ali gogo wa zaka 84.

Amayi ankaswa nshawa osadzutsa mutu. Za kuviika sizinawadabwitse. Anati mizu ina imafa ikaona moto, amadziwa aliyense. Koma nditangotchula modutsa kuti mayiyo anasiya ana ake awiri aang'ono kuti akagwire ntchitoyo, manja anaima.

"Anawasiyira ndani?"

Ndinati wamng'ono anapita kwa makolo ake, wamkulu ku malo osungirako ana.

"Atabwerako anamuzindikira?"

Ndinati wamng'onoyo sanamuzindikire. Anangoti "Mm," n'kupitiriza kuswa. Ine ndinali nditakonzeka kale ndi nkhani ina, moti "mm" ameneyo sindinamumve bwino.

Tinakumbutsana za chloroquine, ndipo apa tinaseka. Amene munakula m'ma 80 ndi 90 mukukumbukira kuwawa kwake, kumene kunkatsalira pakhosi ngakhale utameza ndi nthochi. Nanga kuyabwa? Usiku wonse ukudzikanda m'zikhatho ndi kumapazi ngati wagwera m'chitedze. Amayi ankatikanda ndi chitsononkho. Tizilombo titazolowera chloroquine, Zambia inali limodzi mwa mayiko oyambirira mu Africa kusinthira ku Coartem, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ana anga sadziwa kuti panali nthawi imene mankhwala ankaopsa kuposa matenda.

## Chibakuwa, chindoko ndi dokotala wa nkhondo

Lachitatu thupi linatsika pang'ono, pakamwa n'kutseguka kwambiri.

Ndinawauza za mnyamata wa zaka 18 wa ku London, William Perkin, amene mu 1856 ankayesa kupanga quinine kuchokera ku phula la malasha, kuti azungu asamadalire makungwa a mtengo wa cinchona ochokera ku South America. Quinine sanatuluke. Chinatuluka chinali chimatope chakuda pansi pa botolo, ndipo pochitsuka anaona kuti chikusiya utoto. Utotowo unamulemeretsa, ndipo kuyambira apo nsalu zinayamba kunyikidwa mu utoto wa m'fakitale. Ndinavutika kufotokoza mtundu wake, ndikuti pepo, ndikuti wofiirira koma wopita ku buluu. Amayi anati, "Chibakuwa. Chija ankagulitsa Lidiya." Ine ndi masukulu anga onse mawuwo ndinali nditawaiwala.

Kenako ya dokotala wa ku Vienna, Julius Wagner-Jauregg. Uyu mu 1917 anayamba kubaya anthu magazi a malungo mwadala. Anali odwala chindoko chimene chafika ku ubongo, ndipo nthawi imeneyo penicillin kunalibe. Malungo ankatenthetsa thupi mpaka tizilombo ta chindoko tife, kenako n'kuwapatsa quinine kuti aphe malungowo. Ena ankachira, ena ankafa ndi malungo omwewo, koma mu 1927 anamupatsa Nobel.

"Ankachita kuwafuna malungowo?" anafunsa amayi. "Akanabwera kwathu mu Malichi. Tikanawapatsa aulere, ndi basela."

Ya Jameson ndimaikonda chifukwa ndi yathu. Tauni ino inkatchedwa Fort Jameson, ndipo kwa zaka pafupifupi khumi, mpaka 1911, inali likulu la North-Eastern Rhodesia. Ambiri amaganiza kuti Leander Starr Jameson anali kazembe wa nkhondo. Anali dokotala. Anaphunzira ku London, anatsegula chipatala chake ku Kimberley kumene anakumana ndi Cecil Rhodes, ndipo anakalowa m'bwalo la Lobengula, mfumu ya Amandebele, ku Bulawayo pomuthandiza nthenda ya kutupa kwa mfundo za kumapazi. Zaka zochepa pambuyo pake, mu 1893, anatsogolera nkhondo imene inagwetsa ufumu wa wodwala wake yemweyo. Kumapeto kwa 1895 analowa ku Transvaal ndi gulu la okwera pamahatchi kuti akalande boma la Mabunu, ndipo pa 2 Januwale 1896 anali atakweza kale manja. Ku London anamugamula miyezi 15, koma anamutulutsa isanathe ati chifukwa cha kudwala. Mu 1904 munthu yemweyo anali nduna yaikulu ya Cape. Tauni yathu inanyamula dzina lake mpaka ufulu utabwera, pamene Broken Hill inasanduka Kabwe, Abercorn n'kukhala Mbala, Fort Rosebery n'kukhala Mansa.

Amayi anati iwo dzinalo sanaligwiritsepo. "Ife tinkangoti ku boma." Mpaka lero akamabwera kuno amati akupita ku boma.

## Usiku wa mapiritsi omaliza

Malaiti anazima cha m'ma 19 awazi. Mvula inkagwa yamawawa, ija yosaleka. Mkazi wanga ndi ana anagona msanga. Ndinameza anayi omaliza ndi phala lozizira, koma tulo panalibe, poti ndinali nditagona masana onse. Amayi anayatsa kandulo, anaimika pa chivundikiro cha botolo, n'kukhalanso pamphasa pawo ndi lichero pamiyendo. Ndinawauza kuti akagone. Anati manja akadali maso.

Ndiye ndinatulutsa ya Mary Livingstone. Ndinati anthu amadziwa za mwamuna wake, David Livingstone, amene mtima wake unakwiriridwa kwa Chitambo mu 1873, antchito ake Susi ndi Chuma n'kunyamula thupi mpaka ku nyanja ya mchere. Amadziwanso kuti ankayenda ndi mapiritsi ake opanga yekha, osakaniza quinine ndi mankhwala otsegula m'mimba. Koma mkazi wake, mwana wa Robert Moffat, anamutsatira ku Zambezi mu 1862, ndipo sipanathe miyezi itatu malungo anamugwira. Ankasanza chilichonse, quinine osakhazikika. Anamwalira ku Shupanga, ku Mozambique, pa 27 Epulo 1862, ali ndi zaka 41, ndipo anamuika pansi pa mlambe waukulu. Ndinanena tsikulo monyadira, ngati mwana amene wakhoza mayeso.

Amayi anaswa nshawa imodzi, anathira m'lichero, makoko n'kuponya m'chitini.

"Ali ndi mwayi," anatero. "Ali ndi tsiku."

Ndinakhala chete, posadziwa kumene akulowera.

"Mlongo wanu alibe."

Ndisaname. Ndinkadziwa kuti ine ndisanabadwe panali wina amene sanakhalitse. Ndinazimva ndili mwana, mwa apo ndi apo, pa maliro ena ake. M'mutu mwanga ndinamuika m'gulu la makanda a masiku awiri atatu, aja amakaikidwa ndi amayi okhaokha mwakachetechete. Sindinkadziwa ngati anali mwamuna kapena mkazi. Sindinafunsepo. Ine amene ndikudziwa nambala ya muyeso wa Tu Youyou.

"Anali atayamba kuyenda," anatero amayi. "Ankathamangitsa anapiye."

Ndilemba monga mmene ananenera, pang'onopang'ono, maso ali pa lichero.

"Chinali chaka chimene Nc'wala inayambiranso. Inu simungamvetse mmene mudzi unapengera. Chinthu chimene ambuya awo ankangochikamba pamoto, choletsedwa kuyambira pamene azungu anapha Nsingo, mwana wa mfumu Mpezeni, tsopano chikavinidwe masana, pamaso pa Nkhosi. Atate anu anatha mwezi akufewetsa zikopa. Ananyamuka Lachitatu, zikopa ndi chishango atamangirira pakaliyala. Mwana anali bwinobwino. Anawatsatira mpaka pa nkhokwe akulirira njinga.

"Thupi linatentha Lachinayi madzulo. Ndinati ndi mano. Lachisanu anakana bere. Usiku anayamba kugwedezeka, timanja kuuma gwa, maso kutembenuka, kuoneka koyera kokhakokha. Ndinati ndipite naye kuchipatala. Apongozi anati awa si matenda a jekeseni, mukakamubayitsa ndiye mwamupha. Anafukiza, anatema mphini, anamumwetsa. Musawade, atate. Ankamukonda. Iwonso anachezera naye osagona. Ine ndinali mtsikana, Mchewa m'mudzi wa eni. Ndikanayankha chiyani?

"Tambala woyamba atalira ndinamubereka n'kutuluka osatsanzika. Njinga m'mudzi monse munalibe, zonse zinali ku Mtenguleni. Ndinafika pa mtsinje, wadzaza. Ndinakhala pa mwala kudikira kuti madzi atsike. Ankanditentha kumsana ngati ndabereka mbaula.

"Nditawoloka, dzuwa litatuluka, ndinamva kutentha kuja kukuchepa. Kugwedezeka kwaleka. Ndinati Mulungu wamva. Ndinayenda ndikuimba, atate. Anthu amene ndinkakumana nawo ndinkawapatsa moni ndikuseka. Ndinati mankhwala a apongozi agwira, ndingokafika poti ndayandikira kale. Sisitere ndi amene anamasula mbereko. Sanalankhule. Anangonditenga dzanja n'kundikhazika pa benchi."

Kandulo inali itatsala pang'ono. Kunja madzi ankadontha kuchokera padenga kugwera m'ndowa, limodzi limodzi.

Apa ndi pamene nthenda yanga ija inafuna kudzuka. Mawu anafika pakamwa okonzeka kale: kuti kumeneko kunali malungo a mu ubongo, kuti kugwedezekako kumachitika maselo a magazi ogwidwa ndi tizilombo akamamatirira m'timitsempha ta m'mutu, kuti jekeseni ya quinine ikanatha kuthandiza, kuti mankhwala a mayi wa ku China aja anali atapezeka kale zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo koma anali asanatuluke kwawo. Zonsezo n'zoona. Ndinazimeza. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinadziwa chinthu n'kusachinena.

M'malo mwake ndinafunsa, "Nanga atate?"

"Anabwera Lamulungu madzulo. Tinawamva akuimba asanafike, nyama ili pakaliyala. Anapeza anthu akumwazikana. Tinali titaika kale."

## Zimene ndinkayesa kuti ndikudziwa

Atate sanapitenso ku Nc'wala mpaka tsiku limene anamwalira. Chaka chomwecho anasamukira kuno ku tauni, n'kupeza kanyumba ku Mchini, kumene ine ndinabadwira mu 1982. Ndikukumbukira Febuluwale aliyense malole akudutsa pa Great East Road odzaza amuna ovala zikopa, ife ana tikuthamangira kumsewu. Atate ankatseka wailesi, n'kutenga khasu kupita kudimba. Ndinkati ndi za mpingo. Ndili mnyamata ndinawayankha tsiku lina kuti Mngoni wanji woopa ngoma ya kwawo, azungu anawalanda ndi mtima womwe. Sanandimenye. Anangondiyang'ana n'kupitiriza kunola khasu. Ndakhala ndikuifotokoza nkhani imeneyi kwa anzanga pa mowa, ngati umboni wa mmene mishoni inatiwonongera. Ndinkaifotokoza bwino kwambiri.

Ndiye pali dzina langa. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti lili m'gulu la a Mabvuto, a Masauso ndi a Misozi, mayina aja amene aphunzitsi ankayamba aseka asanakuitane. Ndinkalida. Ndinadzipangira ndekha nkhani yakuti ndinabadwa chaka cha njala, ndipo palibe ananditsutsa.

Ndipo pali amayi achikulire a kumudzi. Tikapita kumaliro kapena kuukwati, iwo saitana amayi ndi dzina langa ngati mmene amachitira anthu a ku Mchini. Amati "amake uje", dzina lina, lachikazi. Ndalimva kambirimbiri. Ndinkayesa ndi dzina la nthabwala la pa utsikana wawo. Zaka zoposa 40 dzina la mlongo wanga lakhala likutchulidwa pamaso panga, masana, mokweza. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndadya lambiri, ndikumati ndi uchi.

Dzinalo sindililemba pano. Amayi sanandipatse kuti ndilimwaze pa intaneti.

## Tsiku limene dzuwa linada

Lachinayi ndi Lachisanu ndinali wofooka koma mutu unayera. Nkhuku ija inaphedwa. Ndinayamba kuyenda kuchokera kuchipinda kufika pakhonde, kupuma, n'kubwerera. Nkhani za azungu sindinatulutsenso. Ndinkafunsa.

Amayi sasunga zaka ndi manambala. Amasunga ndi zochitika. Ine ndinabadwa "chimanga chitamasula". Mng'ono wanga womaliza anabadwa "chaka chimene a Kaunda anachoka". Nditafunsa za mlongo wanga, anati anabadwa m'mwezi wotentha, mvula isanagwe, "pamene wailesi inkangokamba za ndege za Smith". Ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi, kufupi ndi Lusaka, pa 19 Okutobala 1978. Nc'wala inayambiranso mu 1980. Ndiye anakhala ndi moyo chaka chimodzi ndi miyezi ngati inayi.

Powerengera zimenezi ndinakumbukira kuti mbiri ya Angoni athu imayambira pa kawerengedwe komweka. Palibe amene anali ndi kalendala pamene Zwangendaba ankawolotsa anthu ake Zambezi cha ku Zumbo. Chimene okalamba anasunga n'chakuti tsiku lowoloka dzuwa linada masana. Anabwera ophunzira, anatsegula mabuku a zakuthambo, anapeza kadamsana wa Novembala 1835, ndipo lero mwana wa giredi 7 amalemba chakacho pa mayeso ngati kuti Zwangendaba anachita kusaina. Nambalayo ndi ya ophunzira, koma amene ananyamula tsikulo pamutu kwa mibadwo itatu ndi anthu ngati amayi. Amene tinaona kadamsana wa pa 21 Juni 2001, nkhuku zikusokonezeka masana, tikudziwa kuti chinthu chotere munthu saiwala.

Ndinazindikiranso kuti ndayambanso kutola. Ndasandutsa mlongo wanga funso la mayeso, la kuchotsera 1978 pa 1980. Sindikudziikira kumbuyo. Mwina ndi njira yokhayo imene manja anga amadziwa kugwirira chinthu.

Chimene ndinachita chanzeru m'masiku awiriwo chinali chimodzi. Ndinalowa m'chipinda cha ana n'kuunika maneti awo ndi tochi ya foni. Ya wamng'ono inali ndi bowo lolowa chibakera, kumutu kwenikweni, ndipo inali itakhala choncho kuyambira Khirisimasi, ine ndikungoti mawa. Amayi anaisoka ndi ulusi wakuda, chifukwa ndi umene unalipo.

## Loweruka

Baibulo la atate lili ndi ine chimwalirire iwo. Ndi lija lachikuto chakuda, lomatidwa ndi selotepu kumsana. Pa tsamba loyamba analembapo mayina athu, ana asanu ndi mmodzi, ndi masiku obadwa, ndi bolopeni ya buluu, zilembo zopendekera kumanja monga ankaphunzitsira ku sukulu za mishoni. Anachita kujambula mizere ndi rula. Dzina langa ndi loyamba, koma silili pa mzere woyamba. Lili pa wachiwiri. Ndatsegula tsamba limeneli kangapo konse, polemba mafomu a zitupa za NRC a azing'ono anga, pokonza mbiri ya atate ya pa maliro. Mpatawo ndinkauona. Ndinkati atate ankakonda kusiya malo pamwamba kuti tsamba lioneke bwino.

Amayi anali atamanga kale katundu, akudikira mnyamata wa njinga woti awaperekeze kokwerera. Ndinabweretsa Baibulolo pakhonde ndi bolopeni. Ndinawaonetsa mzerewo. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Anagula bukuli inu muli m'mimba," anatero. "Ndinawauza kuti ayambe ndi iye. Anakhala nalo usiku wonse patebulo. M'mawa ndinapeza lili choncho."

Ndinafunsa ngati ndingalembe. Anati bolopeni ndi yanga.

Dzanja linali likunjenjemerabe ndi kufooka, moti zilembo zinatuluka zokhota, zosafanana ndi za atate. Ndinalemba dzina, kenako Okutobala 1978, kamzere, Febuluwale 1980. Mwana wanga wamkazi, wa zaka 9, anali atatsamira paphewa langa. Anawerenga mokweza, n'kufunsa, "Ambuya, ameneyu ndani?"

"Atate ako aakazi."

"Ankaoneka bwanji?"

"Anali ndi kampata pamano ngati kako. Ndi mkwiyo ngati wako."

Maso a amayi sawerenganso zilembo zazing'ono. Anaika chala pa mzerewo, anachiyendetsa kuchokera kumanzere mpaka pamene inki inathera, n'kufunsa kuti ndalemba chiyani ndi chiyani. Ndinawawerengera. Mnyamata wa njinga anali atafika pageti, akuliza belu.

"Patsala malo?"

Ndinati patsala pang'ono.

"Lembaninso kuti ankayenda."

Ndinalemba.